Galimoto Yoopa Mvula

Galimoto ya amake mapasa inali yatsopano, mipando idakali m'mapulasitiki, koma inkaopa mvula ngati mphaka. Kukangowaza, nyali zinkaphethira, kenako injini zii pakati pa msewu. Pamenepo n'kuti muli ana a eni omwe mayiwa ankawapititsa kusukulu. Makolo anali atayamba kale kunong'onezana zopeza galimoto ina, ndipo amake mapasa mtima unali m'mwamba.

Kwa ogulitsa anapitako. Anasintha batire. Anapitanso, anasinthanso batire. Chowawa n'chakuti ikafika kumeneko, dzuwa lili phwee, inkalira bwinobwino ngati yosalakwa.

"Ndaitana alamu anu abwere ndi pulayala," anatero amuna awo atatopa nazo. "Adule mawaya awiri atatu, alumikize, basi."

Alamuwo ankakonza mawailesi, ndiye kwa iwo chilichonse chokhala ndi waya chinali m'bale wake wa wailesi.

Aneba, oyendetsa ambulansi, anamva ali kuseri kwa mpanda.

"Pepani kulowerera, amake mapasa. Waya mmodzi akangodulidwa, ogulitsa aja asamba m'manja, waranti yokukonzerani ulere yathera pomwepo. Kodi vutoli limayamba liti?"

"Ikanyowa."

"Munawauza zimenezo?"

Mayi aja anagwira pakamwa. Ankangowauza kuti ikumazima.

"Ikayambanso muijambule pafoni. Ndipo musadzailandire asanaiyese inu mukuona."

Mvula itabweranso anajambula, n'kubwerera nayo galimotoyo kwa ogulitsa, n'kuonetsa foniyo kwa mkulu wa amakaniko awo.

"Mwina tionenso batire, mayi," anatero mkuluyo.

"Batire ilibe mlandu, bambo. Bweretsani paipi ya madzi."

Anaithira madzi injini ikulira. Nyali zinaphethira, injini zii, amakaniko onse akuona. Apa m'pamene analumikiza kompyuta n'kutsata mawaya mpaka kupeza pulagi ina pansi pa boneti. Labala wake anali atapindika, madzi ankalowera pamenepo. Anaisintha ulere.

"Thiraninso," anatero amake mapasa.

Anathira mpaka pansi kuchita chithaphwi. Injini osatsokomola n'komwe.

M'mawa mwake kunagwa chimvula, koma ana anafika belu lisanalire. Amake mapasa anabwerera kunyumba akuimba, mawaipa akuwavinira.

Galimoto yatsopano ikavuta, musalole munthu wapadera kudula mawaya. Bwererani kwa ogulitsa, fotokozani nthawi imene vutolo limayamba, ndipo aiyese inu mulipo. Alamu ndi pulayala yawo asiyireni mawailesi.