Chimanga Chopetedwa Kanayi

Zebron anagwira ntchito pachigayo ku Mpanshya zaka khumi ndi ziwiri, ndipo atasiya, chigayocho chinamutsazika ndi mphatso: kanyenje kolira m'khutu, tsiii, kosadziwa Lamulungu. Kuchipatala anati khutulo lilibe chilonda. Tulo tinasamuka. Pofika sabata yachitatu bamboyu ankaseka ndi supuni, kenako n'kugwetsa misozi, ndipo mumtima ankaopa kuti misala yafika.

Mkazi wake Estina anachita zimene amachitira wodwala aliyense wolemekezeka: analetsa phokoso. Tambala anapita kukakhala kwa alamu. Wailesi inalandidwa mabatire. Amayi a kutchalitchi ankabwera monyang'ama n'kupemphera monong'ona ngati akuba. Pakhomo panangoti zii, ndipo kanyenje kanayamba kulira ngati kapatsidwa maikolofoni. Zebron, munthu waulemu wopitirira muyeso, ankangothokoza.

Masana ena anazembera kuseri kwa nkhokwe ya Marjory, woyandikana nawo nyumba, n'kukhala pamatumba. Marjory sanamuone. Ankapeta chimanga, lichero likuti waa, waa, waa, ndipo kanyenje kanamira m'phokosomo. Mapewa a Zebron anatsika okha. Anagona chokhala, kukamwa kuli yasa.

Estina anatulukira akuthamanga, chala chili pamlomo.

"Ba Marjory, lekani. Simuziba kuti tili na odwala?"

Lichero linaima, Zebron n'kudzidzimuka kuseriko.

"Nindani wazimya?" anafunsa. Kenako anadzigwira kumaso. "Imwe, nenze nagona. Ine, Zebron, nagona!"

Estina atathamangira kuseriko, Zebron anaseka mpaka kutsetsereka pathumba, miyendo m'mwamba, atagwira chitenje cha mkazi wake.

"Sinili wofunta, Estina, si misala iyi. Chongo cha lichero ndiye chinigonekesa. Ija zii yanu ndiye yenze kunipaya."

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Munavutika maningi na tambala uja. Nenze na nsoni."

Marjory anakhala pansi ndi phwete. Estina anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana lichero, manyazi ndi chimwemwe zikumukokera uku ndi uku. Analanda licherolo, n'kulamula wodwalayo kuti abwerere pamatumba ake.

Chimanga chija chinali chitayera kale, koma Estina anachipeta kanayi. Manja ankawawa, misozi ikutsika, iye akuseka chamumtima, khutu lili tcheru kumkonono womwe anakhala akuudandaula zaka makumi awiri.