Jekete Yakuda ya a Kalinde

Easter anakwanitsa zaka makumi asanu asakudziwa dzina la bambo ake. Mayi ake anamwalira osaulula. Wotsala nacho chinsinsicho anali amalume ake, a Kalinde, nkhalamba yamakani yomwe inakumbako migodi ku Joni. Ukawafunsa, yankho linali lomwelomwelo: "Ndidzakuuza, usandipanikize."

Ndiye taonani, tsiku lina akuthyola nandolo, sitiroko inawagwetsa. Pakamwa panapotoka, lilime linalemera.

Easter anagwada pamphasa, mtima uli m'mwamba. "Amalume, chonde, dzina lokha basi. Bambo anga ndani?"

Nkhalamba inadzimenya pachifuwa ndi dzanja lomwe linkagwirabe ntchito. "Da… ko… ta."

"Akufuna dokotala!" anakuwa Easter.

Anaitana wakabaza, n'kuwamangirira ndi chitenje, ulendo wa kuchipatala ku Namitambo. Njira yonse dakota, dakota, misozi ili chuchuchu. Dokotala atabwera, iwo anapukusa mutu n'kumukankha mwana wa eni ake. Easter zinamukwana.

"Nanga mukufuna chiyani, amalume? Mundipha ine!"

M'mawa mwake a Kalinde anatsirizika. Adzukulu atapempha zowaveka, Easter anasankha jekete yawo yakuda ya ku Joni, ija sankalola munthu kuichapa. Anati apite atatchena.

Patatha masiku atatu kunabwera a Vitalis a ku Namadzi, mnzawo wa kumigodi, kudzapepesa maliro. Easter anawafotokozera zonse akusisima.

"Dokotala? Iwe mwana iwe! Dakota ndi ndege," anatero a Vitalis. "Ya mapulopela awiri. Inanyamula asilikali pankhondo, kenako n'kumatinyamula ife opita kumigodi. Ikalira, mano ankachita kugwedera. Tsiku lokwera tinajambulitsa pansi pa phiko lake anthu atatu: ine, Kalinde ndi bambo ako."

Easter anawagwira mwendo ndi manja awiri. "Dzina, agogo! Ndiuzeni dzina!"

"Aa, ine ndinangomuona tsiku lomwelo, anamutumiza kumgodi wina. Koma usalire. Kalinde analemba dzina ndi mudzi womwe kuseri kwa chithunzicho. Amachisunga m'thumba lam'kati la jekete yake yakuda ija, pachifuwa pomwepa."

Easter anayang'ana kunkhalango ya kumanda.

"Wangokhala bwanji?" anafunsa a Vitalis. "Thamanga, katenge jeketeyo tione."