Ovololo ya Malemu Titus

Anyani a m'phiri la kuseri kwa Arda Transau ankadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Izi Dinna sadachite kumva kwa munthu. Mwezi wa Epulo uja, mvula italekeza, udzu utayamba kufiira, chimanga chikuweramitsa mitu, gulu lonse linkatsika dzuwa likangowomba. Minda ya ena linkaidutsa chothamanga, koma likafika m'munda mwa Dinna linkakhala pansi ngati lafika kwawo.

Dinna ankakuwa mpaka mawu kusasa. Ankaimba chitini, kugenda miyala, kutukwana m'Chichewa, akatopa n'kutukwana m'Chishona poganiza kuti mwina ndi chimene amamva. Anyani aakazi ndi ana awo ankangosendera pang'ono. Koma wamkulu wawo, chinyani chaimvi m'mapewa chimene Dinna adachitcha Foromani, chinkakwera pachulu cha pakati pa munda n'kumasenda chimanga mosapupuluma, maso ali pa iye. Mwamuna aliyense akangotulukira, ngakhale nkhalamba yoyendera ndodo, gulu lonse linkamwazika. Chitenje ndiye sankachiwerengera n'komwe.

Dinna adabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Odzi, kwa makolo ochokera ku Dedza amene sadabwererenso kwawo. Mwamuna wake Titus adamwalira ndi chifuwa cha m'migodi atangofika kumene ku Arda kuno. Ana adabalalika. Wapafupi anali Zikani, amene ankacheka matabwa ku Paulington mu Mutare. Pakhomo Dinna adatsala yekha ndi akalulu ake.

Akaluluwo sanali andiwo. Pafamu paja Dinna ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mwana wamkazi wa mzungu ankaweta akalulu ongosewera nawo. Chaka chimene mafamu ankalandidwa, azungu adachoka mwaphuma, khola n'kulisiya lotseka. Dinna adakapeza ena atafa ndi ludzu, awiri akupumira m'mwamba. Adawaika m'dengu n'kuwavundikira ndi chitenje. A m'komboni atauzidwa kuti nawonso achoke, dengu lija lidapita ku Chiadzwa, kumene Titus adapempha kamalo kwa mnzake. Madayamondi atapezeka, malole n'kubwera kudzasamutsa anthu kupita nawo ku Arda, zidzukulu za akalulu aja zidakwera lole zili pamiyendo pa Dinna, mipando ikuthyokera kumbuyo.

Tsopano anali ndi Madamu, woyera mbee ndi wonyada, amene sankadya tsamba likagwa pansi. Analinso ndi Sajeni, wamphongo wofiirira wokonda kumenyetsa mwendo pansi, ndi ena aang'onoang'ono amene maina awo ankasintha malinga ndi khalidwe. Madzulo ankawathyolera chisoso ndi kholowa, n'kuwatulutsa kuti adumphedumphe pabwalo, iye akuwafotokozera zonse zimene zachitika kumunda. Anthu oyandikana naye ankaseka. Ankati kuweta nyama yosadya n'chimodzimodzi kulima maluwa m'chaka cha njala. Dinna ankangowayankha kuti nawonso ali ndi agalu amene sagwira ngakhale mbewa.

Loweruka lina Zikani adatsika kombi atanyamula shuga ndi buledi. Adapeza mayi ake atakhala pachitsa m'mphepete mwa munda, milomo itauma, chitini chili pamiyendo. Anyani atangoona buluku lake adathawira kuphiri, Foromani ali pambuyo akucheukacheuka.

"Amayi, mpaka liti?" adafunsa Zikani. Chichewa chake chinali cha m'tauni, chodzadza ndi Chishona, koma kwa mayi ake ankayesetsa.

"Mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe."

"Chimanga chake chiti? Taonani mizere iyi, mapesi okhaokha. Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Dangamvura. Madzi ndi apampopi, chipatala chili pafupi. Mpongozi wanu Eveline akuti mubwere, chipinda chinacho n'chanu."

"Nanga aja?" Dinna adaloza ndi mlomo kukhola.

Zikani adakanda m'mutu. "Mwini nyumba salola ziweto. Tiwapha, tiwawamba, mukadyera komweko. Ngati simufuna, apatseni mnansi wanu Mai Tanaka."

Dinna adaika chitini pansi. "Tamvera, mwana wanga. Ndidamanga katundu pafamu, munthu akundiloza chala. Ndidamanga katundu ku Chiadzwa, lole ikulira pakhomo. Kumeneko ndidalibe pakamwa. Tsono ulendo uno ndimange katundu chifukwa cha nyani? Nyani weniweni wa mchira?"

"Si nyani yekha, amayi. Mukukula."

"Ndikulira pompano."

M'mawa mwake adapita limodzi kutchalitchi, nkhani itatsala m'malere. Pobwera, dzuwa lili pamutu, Dinna adaona ubweya woyera uli mbwee pabwalo asadafike n'komwe pachipata. Chitseko cha khola chinali pansi, nsungwi za m'mbali zitakanulidwa ngati munthu wasenda nzimbe. Sajeni adamupeza kuseri kwa mgolo wa madzi akunjenjemera. Aang'ono aja adawatola mmodzimmodzi, wina m'maungu, wina pansi pa nkhuni. Za Madamu zidatsala mutu ndi miyendo yakumbuyo, pafupi ndi mapazi aakulu a nyani olowera kuphiri.

"Mwaona?" adatero Zikani motsitsa mawu. "Afika pakhomo tsopano. Lero ndi kalulu, mawa ndi inu."

Dinna adatenga khasu. Adakumba pansi pa mtengo wa mango, n'kukwirira zotsalazo atazikulunga m'mpango wake wa kutchalitchi. Misozi sidatuluke, koma nsagwada zidamuwawa chifukwa cholumitsa mano. Akalulu otsala adawalowetsa m'chipinda chimene ana ankagona kale. Zikani adakwera kombi ya madzulo akupukusa mutu.

Lolemba, mame asadaume, Dinna adakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Pogawa zovala za malemu Titus, abale adatenga malaya, jekete ndi nsapato, koma ovololo ya buluu Dinna adaibisa osauza munthu, pamodzi ndi majombo ndi chipewa cholimba cha kumgodi. Inali ikadanunkhira thukuta lake ndi fodya. Adaima nayo kanthawi ataikumbatira, kenaka adavula chitenje.

Miyendo ya ovololo adaipinda, m'chiuno n'kumanga luzi. M'majombo adatsendera nsanza kuti asavuke. Adatenga legeni imene Titus ankaingitsira akabawi, miyala n'kudzaza m'matumba. Potuluka adayesa kuyenda monga ankayendera mwamuna wake, miyendo tang'a, mapewa akutsogola. Atafika m'munda adakokera mawu pansi pa mimba.

"Hooo! Iwe!"

Anyani aakazi adanyamula ana n'kuliyatsa liwiro. Foromani adataya chimanga chosenda theka, n'kudumpha pachulu osacheuka. Nkhanga zimene zinkatola m'mizere nazonso zidauluka ndi phokoso. Dinna adaseka mpaka kugwira mawondo, chipewa n'kumugwera kumaso.

Masana adabwera Mai Tanaka, mnansi wake wa tsidya la mpanda, mayi wa mpingo wovala zoyera amene adasamuka naye limodzi ku Chiadzwa. Atamuona adabwerera m'mbuyo atagwira pamtima.

"Maiwe! Ndimayesa ndakumana ndi mzukwa. Mai Zikani, zovala za munthu wakufa? Ndiponso mkazi wamkulu ngati inu m'buluku? Kumjigo nkhani ndi yanu."

"Akuti chiyani?"

Mai Tanaka adayang'ana pansi. "Ena akuti mutu wasokonekera. Ena akuti ndi mankhwala a kwanu ku Malawi, mukufuna kudzutsa mwamuna wanu kuti azikulonderani munda."

"Akadakhala wodzutsika bwenzi nditamudzutsa kalekale, adzandikhomere khola," adatero Dinna. "Ndipo kwathu ku Malawi kwake kuti? Mchombo wanga uli pa Odzi apa, famu yake mukuidziwa. Kawauzeni kumjigoko kuti amene wanyansidwa ndi bulukuli anditumizire mwamuna wake, adzakhale pachitsa ichi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akafika, ine ndivala chitenje pomwepo."

"Ine ndimangokuuzani ngati mnzanu."

"Ndamva, mnzanga. Zikomo."

Mwamuna ngakhale mmodzi sadabwere. Madzulo ake Dinna adapita kumjigo ali mu ovololo momwemo, majombo akulira phwa phwa mumsewu. Amayi onse adamuyang'anitsitsa. Iye adawapatsa moni mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina la mwana wake, n'kupopa madzi, n'kusenza ndowa pamutu, chipewa chili m'khwapa. Kumbuyo kudamveka kuseka kwapansipansi, koma sadafulumize phazi.

Kwa masiku angapo munda udapuma. Anyani ankangokhala pamiyala ya m'phiri akuyang'ana. Koma Foromani sadakalambe ndi utsiru. Ankamuona munthu wa ovololo uja akusenza madzi pamutu, akuwerama chachikazi pothyola chisoso, akuyankhula ndi akalulu pazenera ndi mawu aang'ono. Tsiku lina m'mawa adatsika yekha, gulu atalisiya kumtunda. Adadutsa mpanda, n'kulowa m'mizere, n'kukakhala pachulu paja. Adayasamula mwadala, mano aatali ngati zala ali poyera.

Dinna adakuwa ndi mawu aakulu aja. Nyani sadasunthe.

Dinna adayang'ana uku ndi uku. Munda wonse unali zii, anthu ali kutali m'minda yawo. Adadziwa kuti akabwerera m'mbuyo lero, mawa adzampeza nyaniyo pakhonde. Adaika mwala mu legeni n'kuyamba kuyenda molunjika pachulu.

Mwala woyamba udapita pamwamba. Wachiwiri udamveka kuti pho pamwamba pa diso. Foromani adauwa mawu ogwedeza m'chifuwa, n'kutsika pachulu akumuthamangira, ubweya wa m'khosi utaima. Dinna adati atole mpini umene adausiya mumzere, jombo lidakodwa, n'kugwa chafufumimba. Bondo lidamenya pachitsa, chipewa chidagubuduka, mpango wa kumutu n'kuonekera. Adadzuka ndi bondo limodzi, mpini uli m'manja onse awiri, ndipo ulendo uno sadabwerekenso mawu a Titus. Adakuwa ndi mawu akeake, akuthwa, aukali wonse umene adaumeza pafamu ndi palole.

"Bwera! Bwera udzandidye ngati Madamu! Bwera, galu iwe!"

Nyani adaima pafupi kwambiri, moti Dinna adamva fungo lake. Magazi ankatsika pambali pa diso lake. Adayang'anana. Dinna adamenya mpini pansi, fumbi kuti bu, n'kusendera kutsogolo ndi bondo lomwelo. Foromani adaphethira, n'kutembenuka pang'onopang'ono. Popita adathyola chimanga chimodzi m'mphepete, n'kuchiika kukamwa, n'kumakwera phiri mosathamanga.

Dinna adakhala pansi mumzere. Ovololo inali itang'ambika pabondo, magazi akulowa m'jombo. Adamanga bala ndi mpango n'kubwerera pachitsa chake.

Anyani sadasiye kuba. Ankathyolabe mizere ya kumapeto, yoyandikana ndi phiri, akaona kuti Dinna wayang'ana kwina. Koma pachulu sadakhalenso, ndipo pabwalo sadapondenso. Meyi atalowa, m'mawa kutayamba kuzizira, Dinna adadula chimanga chisadaumitsitse n'kuchikokera pafupi ndi nyumba, akutsimphina. Sichidadzaze nkhokwe. Chidafika pakati, kuwonjezera maungu ndi nzama.

Gulu lija lidasamukira m'munda mwa Mai Tanaka, amene mwamuna wake adapita ku Marange kukasaka maganyu. Tsiku lina Dinna akuthyola kholowa kumpanda, adaona munthu m'munda mwa mnzakeyo atavala jasi lalitali ndi chipewa chachimuna. Pansi pa jasi pankaoneka miyendo ya buluku, ndipo m'mapazi munali nsapato zapulasitiki za Mai Tanaka. Adayang'anana kudutsa mpanda.

"Mwadzuka bwanji, baba?" adatero Dinna.

"Musandiyambe, Mai Zikani," adayankha mnzakeyo atabisa nkhope m'jasi. "Ingondibwerekani legeni."

Zikani adabwera kumapeto kwa mwezi atamva za bondo. Adatsika kombi ndi mpukutu wa waya wa sefa ndi zidutswa za matabwa zotsala kuntchito. Adaona ovololo itayanikidwa pachingwe, chigamba cha chitenje chili pabondo, ndipo adaima nthawi yaitali akuiyang'ana.  Adavula malaya n'kuyamba kukumba maenje a nsanamira za khola latsopano pafupi ndi zenera la mayi ake.

Dinna adakhala pakhonde, mwendo utawongoledwa, Sajeni ali pamiyendo akutafuna tsamba.

"Chitseko chiyang'ane kunyumba kuno," adatero. "Ndipo ukweze, chinyezi chimawadwalitsa."

"Ndamva, amayi." Adakhoma kangapo, kenaka adaima, hamala ili m'manja. "Koma musaganize kuti nkhani ija yatha. Bondo ilo likufunika dokotala. Chisanu chikafika pachimake ndibweranso, ndipo ndidzafunsanso."

"Ubwere, pano ndi pakwanu. Dokotala ndikamuona, m'mawa kupita, madzulo kubwera." Dinna adatola msomali umodzi umene udagwera pakhonde, n'kuuyang'anitsitsa. "Pobwerapo udzatenge misomali yaitali. Iyi ndi yaifupi, nyani azula ndi dzanja limodzi."