Moni wa Anduna

Anduna anali ndi kaperekedwe kawokawo ka moni, kamene anakazolowera m'zaka zambiri za misonkhano. Dzanja linkagwira munthu uyu maso ali kale pa wotsatira, pakamwa pakutuluka mawu omwe aja. Abambo ankawafunsa za ntchito, amayi za ana, achinyamata ankawauza kuti makolo awo ayenera kuti amawanyadira. Mzere wautali ankaumaliza mosakhalitsa, ndipo mwini wake ankati limenelo ndi luso.

Tsiku lotsegulira chipinda chatsopano cha odwala pachipatala chachikulu, anamwino anaima pamzere m'khonde lonunkha penti. Atolankhani anali piringupiringu ndi makamera awo. Anduna atafika pa namwino wina wamtali, anamugwira dzanja, maso ali pa adokotala amene anaima patsogolo.

"Ntchito yabwino, mayi. Makolo anu ayenera kuti amakunyadirani."

Namwinoyo anali mwana wawo wachisamba. Aliyense m'khondemo ankadziwa zimenezi kupatula bambo wake womubereka. Mlembi wawo ndiye anawanong'oneza atakwera kale galimoto.

Dzuwa lisanalowe, kanema wa moniwo anali m'foni ya aliyense. Anthu akapeza choseka sachedwa. M'mabasi abambo ankagwira ana awo dzanja n'kuwafunsa kuti ndi ana a yani. Muulutsi wina pawailesi anapempha boma kuti ligulire nduna zonse zithunzi za mabanja awo, ziziyenda nazo m'thumba. Akuchipani anaimba foni kuti akuluwo ayambe apuma kunyumba mpaka nkhaniyo itazizira. Anzawo aja amene ankadzaza pabalaza madzulo alionse, kuseka nthabwala isanathe n'komwe, onse anatanganidwa tsiku limodzi.

Nyumbayo inali yaikulu, ndipo chimwalirireni mayi akunyumba inakulirakulira. Wophika ankaika mbale patebulo n'kubwerera kukhitchini mwakachetechete. Anduna ankadya okha, akumva supuni yawo ikugunda mbale. Za udindo sankadandaula kwenikweni, poti mpando ndi wobwereka. Chimene chinkawadya mumtima chinali foni ya mwana wawo, imene inkangoitana osayankhidwa. Anayesa kukumbukira tsiku limene anakhala naye pansi n'kucheza, koma anangofika pa maliro a mayi ake. Ngakhale pamenepo iwo anali pakhomo, kugwira manja a alendo olemekezeka.

M'mawa wina analimba mtima n'kuonera kanema uja. Dziko lonse linkayang'ana iwo, koma iwo anayang'ana mwanayo. Anamuona akukonza kolala ya yunifolomu bambo ake akuyandikira. Anaona kumwetulira kukuyamba, kofanana ndendende ndi kwa mayi ake, kenako n'kuzima. Milomo yake inagwedera ngati akunena kanthu, iwo atadutsa kale. Anabweza kanemayo, n'kukweza mawu, foni ili pakhutu. Pansi pa phokoso la makamera munamveka timawu tiwiri.

"Amayi ankandinyadira."

Anduna anachita manyazi amene nthabwala zonse za pawailesi zinalephera kuwachititsa. Anauza dalaivala kuti atsale, jekete anaisiya pampando, n'kuyendetsa okha galimoto mpaka kuchipatala. Anakhala pabenchi ya odikira, pakati pa mayi wa mwana wotsokomola ndi mkulu wina womanga bandeji kuphazi. Anthu anayamba kukodolana, wina n'kutulutsa foni kuti ajambule. Iwo anangomusiya, poti wanyowa kale saopa mvula.

Patapita nthawi mwana wawo anatulukira akukankha tebulo ya matayala yodzaza mankhwala. Anaima. Choyamba anayang'ana kumbuyo kwawo, kenako kukhomo, kufunafuna makamera.

"Mwabwera ndi ndani?"

"Ndabwera ndekha, mwanawe."

Mawu amene anakonza m'njira onse anathawa. Mwanayo anawongola timabotolo timene tinali towongoka kale. Anawauza kuti ali pantchito, odwala akumudikira, ndipo aweruka madzulo. Anawonjezera kuti anamwino amatulukira khomo lakumbuyo, onse nthawi imodzi. Sananene kuti amudikire, sananenenso kuti azipita. Anakankha tebulo yake n'kulowa m'chipinda chatsopano chija.

Anduna anafika kukhomo lakumbuyo dzuwa likadali pamutu. Kunalibe benchi, kunali migolo ya zinyalala ndi mpopi wodontha. Anaima pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi, opanda wowapatsa moni, opanda wowaimbira m'manja.

Chitseko chitatseguka, anamwino anayamba kutuluka, onse m'zovala zofanana, akucheza za kwawo. Anduna manja anawaika kumbuyo. Anasendera pafupi n'kuyamba kuyang'anitsitsa nkhope iliyonse, imodziimodzi, poopa kuti angamuphonyenso.