Boti Lofuna Anthu Awiri

Boti la matabwa la a Lovre linafa ndi ukalamba. Mmisiri analigogoda kunsi, nyundo n'kungolowa ngati yalowa m'buledi wonyowa, ndipo anangopukusa mutu. Linali litatumikira zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo a Lovre ankalowa nalo panyanja ndi mnzawo mmodzi yekha, a Jerko.

Masiku amenewo padoko pathu pankanunkha phula. Mphepo yamkuntho ya bura ikati iyambe, maboti onse ankakwezedwa kumtunda, ndipo panalibe boti lokwezedwa ndi munthu mmodzi. Wina ankakoka chingwe, wina ankayala zipika zopaka mafuta a nkhosa kunsi kwa boti, likadutsa cha kumbuyo n'kuthamanga nacho kutsogolo. A Lovre anali a chingwe, a Jerko a zipika. Ankanyozana kuchokera m'madzi mpaka kumtunda, akatha n'kukhala pakhoma kumadya sadini zowotcha, zala zili noninoni. Lero padokopo pamanunkha petulo ndi mafuta odzola a alendo, ndipo ine ndisabise, zimandinyansa.

Chaka chatha a Jerko anadwala sitiroko. Anadzuka, koma mkono wamanzere unatsalira, umangolendewera. Panyanja ankapitabe, kukakhala kutsogolo n'kumauza a Lovre kuti ukonde akuuponya molakwika. Ntchito yokha imene inawatsalira inali ya zipika, poti chipika chimanyamulika ndi dzanja limodzi.

Vinka, mwana wa a Lovre amene amagwira ntchito mumzinda wa Split, anakonza zoti wogulitsa maboti abweretse awiri oti bambo ake ayese, lina la aluminiyamu, lina la faiba. Iye anali atasankha kale. Ankati la aluminiyamu ndi lopepuka, likagunda mwala limangophwanyika pang'ono osasweka, silidya mafuta ambiri, ndipo bola kumalitsuka mchere lidzakalamba ndi zidzukulu. Chachikulu, bambo ake akhoza kulikweza okha. La faiba linali lolemera ndi lokhazikika pamafunde, koma ukalikwekweza pamiyala limasupuka n'kuyamba kumwa madzi. Lotere silikwera kumtunda popanda zipika ndi munthu wachiwiri.

Chinadabwitsa a Lovre n'chakuti a Jerko, munthu amene moyo wake wonse ankati boti lachitsulo ndi beseni, anaima kumbali ya Vinka.

"Iwe Lovre, tamvera mwanayu. Msana wakowo watha ngati mkono wangawu. Tenga chitinicho."

Tsiku Lachiwiri a Lovre ndi a Jerko anayesa la faiba. Linadula mafunde mwaulemu, khofi osatayika m'kapu, koma polikweza kumtunda onse awiri anatuluka thukuta, a Jerko akukuwa kuti koka, a Lovre akuti yala msanga. Lachitatu anatenga la aluminiyamu. Limenelo linkadumpha ngati mbuzi, funde lililonse kulimenya mbama, ndipo mtovu wa mbedza ukagwa pansi linkalira chilumba chonse kumva. Koma nsomba anagwira, zambirinso kuposa dzulo lake.

Atafika padoko, a Lovre anatsika, nagwira chingwe kuti angoliyesa. Botilo linawatsatira. Anakokanso, n'kungoona lili kale pamwamba pa miyala, iwo osapuma n'komwe mwabefu. Anaseka okha. Kwa kanthawi anamva ngati abwerera ku unyamata, ndipo anacheuka kuti adzitame kwa mnzawo.

A Jerko anali ataima m'mphepete mwa madzi, chipika chili m'khwapa. Anali atakachitenga m'shedi monga mwa masiku onse, osaganiza. Anayang'ana boti, nayang'ana chipikacho, kenako anakachitsamiritsa pakhoma pang'onopang'ono n'kupukuta dzanja pa thalauza.

"Waona?" anatero a Jerko. "Ngakhale agogo ako akanalikweza."

Anawonjeza kuti mawa a Lovre angopita okha, mkono umavuta m'mawa, ndiponso mpesa kumunda ukufuna kudulira. Mpesa wake unali utadulidwa kale mwezi watha, a Lovre ndi amene anathandiza. A Lovre anawayang'ana a Jerko akukwera kamsewu ka kutchalitchi, phewa limodzi lili lotsika, ndipo chimwemwe chija chinasanduka manyazi. Anadziwa kuti munthu uyu akasiya kutsika kudoko mawa, sadzatsikanso.

Masana omwewo anauza wogulitsa kuti atenga la faiba. Vinka, amene anali pomwepo padoko, anakwiya. Anawerengetsera bambo ake zonse, msana, zaka, mphepo yobwera modzidzimutsa, dokotala amene anawaletsa kunyamula zolemera. A Lovre anangoti la aluminiyamu limasokosa, limathawitsa nsomba.

"Bambo, nsomba zathawazo ndi ziti? Si izi zadzaza ndowa?"

"Zimenezo ndi zogontha."

Vinka anatsegula pakamwa, koma maso ake anagwera pakhoma pamene panatsamira chipika. Kenako anangoti bola asamakoke ngati akupikisana ndi wina.

Pachilumba nkhani siyenda, imauluka. Dzuwa lisanalowe a Jerko anali atatsika, nkhope ili gwa. Anazungulira boti latsopanolo, nalimenya m'nthiti ndi chikhatho.

"Nkhalamba yopanda nzeru iwe. Wagula ng'ombe yakufa. Ukuyesa sindikudziwa chimene wachitira zimenezi?"

"Lija limasokosa."

"Bodza."

"Ndiye khala kwanu uzidulira mpesa. Ndizilikwekweza ndekha pamiyala, lisupuke."

 A Jerko anagwada movutikira, nayeza kunsi kwa botilo ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Anakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa imene kuyeza kumafuna, nkhope ataibisa kuseri kwa boti, ndipo a Lovre anayamba kukonza chingwe chimene chinalibe vuto lililonse.

"Zipika zathu zija n'zazifupi kwa limeneli," anatero a Jerko podzuka, mawu ali osasa. "Pafunika zina zinayi. Mawa ulawire, udzandigwirire mtengo podula. Ukudziwa kuti dzanja ndi limodzi."