Impso ya Alamu

Telala wina atatuluka m'chipatala ndi impso yatsopano, anaganiza kuti mavuto ake atha. Impsoyo inachokera kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe ntchito yake inali yometa anthu. Anaipereka ulele, pakuti lamulo silinkalola wopereka chiwalo kulandira kanthu.

Mabala atangopola, wometayo anayamba kufika ku shopu ya telala m'mawa uliwonse, atanyamula botolo lalikulu la madzi. Moni woyamba sunali wa telala ayi. Ankawerama n'kuyang'ana pamimba.

"Wadzuka bwanji, mwanawe? Akukusunga bwino kuno?"

"Alamu, pali anthu," telala ankanong'oneza.

"Sindikuyankhula ndi inu, alamu. Imwani madziwa."

Mchere wa m'nyumba ya telala anaulanda, n'kumayenda nawo m'thumba la jekete. Nyama yootcha analetsa. Telala akakhalitsa pa makina, mlamuyo ankamudzutsa kuti azungulire tebulo lodulirapo nsalu kasanu, ati impsoyo inazolowera munthu wogwira ntchito choimirira.

Tsiku lina telala akuyesa diresi la mkwatibwi, mayi ake a mkwatibwiyo ali pomwepo, anapepesa n'kulowa kuchimbudzi. Wometa anamutsatira n'kugogoda.

"Alamu! Mtundu wake ndi wotani lero? Woyera kapena ngati tiyi?"

Mkwatibwi ndi mayi ake anapinda diresi lawo, mapini ali momwemo, ndipo sanabwerenso. Anali makasitomala achitatu kuthawa mwezi umenewo.

Telala anadandaulira mkazi wake kuti shopu ikufa.

"Achimwene anakupatsani moyo," mkaziyo anatero. "Ine ndikawauze kuti chiyani?"

"Chinthu chogula chili bwino, mayi. Wogulitsa sakutsatira kunyumba. Makinawa ndinagula kalekale, koma mwini sitolo sanabwerepo kudzafunsa ngati ndawathira mafuta."

M'mawa mwake anaika ndalama mu envelopu n'kupereka kwa mlamu wake ndi manja awiri.

"Kangachepe, alamu. Tithane basi, impsoyi ikhale yanga."

Wometa anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. "Ndigulitse mwana wanga? Mukufuna atimange tonse? Bwezani msanga, angamve." Ndipo anaphimba mimba ya telala ndi chipewa.

Lachisanu wometa sanabwere. Telala, m'malo mosangalala, anada nkhawa, napita kukamuona kometera kuja. Anamupeza kuseri kwa katani, mbale ya tchipisi pamwendo, akuwaza mchere womwe uja analanda. Pansi panali mabotolo atatu a zakumwa zotsekemera, onse opanda kanthu.

Telala anawerama n'kuyang'ana m'nthiti mwa mlamu wake.

"Waswera bwanji, wotsalawe? Akukuzunza eti?"

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Sindikuyankhula ndi inu. Awiriwa ndi mapasa. Uyu akafooka, mudzabwera kudzaitanitsa mnzake, ine n'kutsala chimanjamanja." Analanda mbale ija, mchere n'kuika m'thumba.

Kuyambira tsikulo telala ankafika kometerako nthawi ya chakudya chamasana, tepi yoyezera ili m'khosi. Ankayeza mimba ya mlamu wake makasitomala akuonerera, n'kulengeza manambala mokweza. Wometa akalowa kuchimbudzi, telala ankagogoda ndi lumo lake lalikulu. Bambo wina anathawa atametedwa mbali imodzi.

Wometa analeka kupita ku shopu ya telala, pakuti m'mawa ankakhala kalikiliki kubisa zakudya m'madirowa a zipeso. Makasitomala a telala anayamba kubwerera.

Patatha sabata ziwiri, wometa anamukokera pambali mlamu wake, nkhope itagwa.

"Alamu, envelopu ija ikadalipo? Ndaganiza bwino. Ndilandire basi, tithane. Aliyense asamale yake."

Telala anapukusa mutu mwaulemu, akutsegula botolo lalikulu la madzi.

"Lamulo, alamu. Mukufuna atimange tonse? Imwani madziwa."