Chinangwa cha Bashi Lombe

Kusala kudya kwa mpingo kwa mu Januwale kutafika tsiku lachisanu ndi chinayi, Bana Katongo, mayi wina wa mumpingomo, anaona dikoni wawo, Bashi Lombe, akudya chinangwa chootcha ndi mtedza pageti la mgodi, dzuwa lili paliwombo. Pofika Lamlungu, mpingo wonse unali utamva.

Lombe, mwana wamkazi wa Bashi Lombe, anakhala kumbuyo kwa kwaya atazyolika. Ankadziwa kuti lero udikoni wa bambo ake ukhoza kutha. M'mawa amalume ake anali atabwera akuseka.

"Alamu, asiyeni anthu anjalawo. Tiyeni kubala tikamwe, kumeneko sitilonda pakamwa pa munthu."

"Kwathu ndi kutchalitchi, alamu," anayankha bambo ake, akumanga tayi.

Mapemphero atatha, Ba Kangwa, mlaliki wachinyamata amene ankasala ndi madzi omwe, anaimirira milomo itang'ambika.

"Ba dikoni, ife tikulimbana ndi Satana, inu mukulimbana ndi chinangwa?"

Ena anaseka. Bashi Lombe anadzuka mosafulumira.

"Ndinadyadi, ndipo mawa ndidyanso. Ntchito yanga mukuidziwa, ndimatsitsa chikepe mumgodi. Amuna makumi asanu amalendewera pachingwe, dzanja langa lili pabuleki. Lachitatu lapitalo ndinapita ndi njala. Maso anachita mdima, chikepe n'kuima mochedwa. Ndinalapa kwa Mulungu poika ana a eni pachiswe kuti inu mundione woyera. Tsopano ndimasala masiku opuma okha. Mpandowu ngati mukuufuna, tengani."

Kenaka Bana Katongo, amene anafalitsa nkhaniyo, anaimirira atagwira pamtima.

"Lachitatu m'mawa? Amuna anga anali momwemo. Anabwera akuti chikepe chagwedezeka." Anatembenukira kwa mlalikiyo. "Ba Kangwa, inuyo salani, chimene mumagwira ndi maikolofoni. Ikagwa titola. Awa adye."

Akazi a anthu a mumgodi anaomba m'manja. Abusa anatsokomola, n'kupempha Bashi Lombe kuti atseke ndi pemphero, monga dikoni.

Chiyambire Lachitatu lija, Lombe ankapereka chakudya cha bambo ake kumgodi atachibisa m'chikwama cha sukulu. Lolemba anachinyamula pamanja m'mbale yoyera, fungo la mtedza likutuluka. Sanadutse njira yachidule. Anadzera mumsewu waukulu, pakhomo pa Ba Kangwa, ndipo mtsikana amene samakweza mawu ngakhale mu kwaya anawapatsa moni mpaka oyandikana nawo anasuzumira.